Ulendo wa ku Dar es Salaam mu Febuluwale ndi amayi okalamba: tilongedze chiyani?

NaBanda wa ku Chilenje:
Mwaswera bwanji abale anga a pa gulu. Mng'ono wanga amene anakwatiwa ku Dar es Salaam, ku Tanzania, wachira, tapatsidwa mwana wamkazi. Ine ndi amayi tikufuna kunyamuka kuno ku Lusaka mu Febuluwale kukaona mlendoyo, ndipo tonse awiri sitinapondeko dziko limenelo. Amayi ndi achikulire, amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse. Ayamba kale kusonkhanitsa katundu: mabulangete awiri a khanda okhuthala aja, tizipewa ndi timasokosi ta wulu toluka okha, juzi yawo, ufa, mfutso, nsinjiro. Mng'ono wanga pafoni akungoti kuno kukutentha, osafotokoza zambiri. Inu amene mumayenda njira imeneyi, tiuzeni zoti tinyamule ndi zoti tisiye. Mtima wanga uli pa amayi makamaka.

Amake Mapasa pa Kamwala:
Tithokoze Mulungu kuti apulumuka onse awiri. Asisi, ine katundu wa pashopu ndimakaoda ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar, ndiye mundimvere bwino. Musayerekeze kutentha kwa kumeneko ndi Okutobala wathu wa mu Lusaka. Kuno dzuwa likaswa mtengo umathawira pamthunzi n'kupeza bwino, usiku kamphepo kamabwera. Ku Dar mthunzi suthandiza kwenikweni. Umasamba, usanamalize kuvala msana wanyowa kale. Mpweya wake umakhala ngati waweramira mphika wa nyemba zowira, usana ndi usiku womwe. Ndipo mwasankha nyengo yeniyeni yotentha, chifukwa kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi pamene kumawotcha kwambiri.

Zovala zikhale za thonje, zopepuka, zotaya. Madiresi otaya atatu kapena anayi munthu mmodzi, zitenje zingapo, zamkati za thonje zochulukirapo chifukwa izo mudzasintha kawiri pa tsiku. Jinzi isiyeni. Ma leggings, masiketi okhala ndi layini ya nayiloni mkati, mabulawuzi onyezimira aja a poliyesitala, zonsezo zimamatirira pathupi n'kuyamba kununkha msanga. Mukapita pa salaula ku Soweto kapena City Market, muziwerenga kapepala ka mkati mwa chovala, mutenge cholembedwa cotton kapena linen.

Wophunzira ku Dar:
Ndithirireko ndemanga amayi anga, ine ndili konkuno pasukulu. Lusaka ili pamtunda wopitirira mamita 1,200, pomwe Dar ili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Indian. Mu Febuluwale masana kumafika madigiri 31 mpaka 33. Manambala amenewo mu Lusaka si achilendo, koma kusiyana kuli pawiri. Koyamba, usiku kuno sikuzizira, kumangotsikira cha m'ma 25. Kachiwiri ndi chinyezi. Thupi limazizira thukuta likamauma pakhungu, tsono mpweya wa kuno ndi wodzaza kale ndi madzi, thukuta siliuma, limangoyenderera. N'chifukwa chake munthu umatopa ngakhale usanagwire ntchito. Zochapa nazonso zimachedwa kuuma, thaulo lokhuthala likhoza kugona lonyowa mpaka kuyamba fungo. Tengani thaulo lopyapyala, kapena muzipukutira chitenje.

Dalaivala wa ku Matero:
Alongo, zonse anenazi n'zoona, koma juzi ya amayi isatuluke m'chikwama. Ine ndimayendetsa thanki njira imeneyo. Kutentha kuli kumapeto kwa ulendo, pakati pali kuzizira. Mukadutsa Kapiri, Serenje, Mpika, Isoka mpaka Nakonde mwayenda makilomita pafupifupi 1,000, ndipo mudzayenda mvula ili mkati. Mukaoloka ku Tunduma mukwera ku Mbeya, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700. Makambako ndi Mafinga m'bandakucha kumazizira zoti mano amagundana. Kutentha kumayamba mukatsika phiri la Kitonga kupitirira Iringa, kulowera ku Mikumi ndi Morogoro. Ndiye juzi imodzi, masokosi ndi chitenje chofunda zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'sutikesi imene yalowa pansi pa basi, chifukwa imeneyo simudzaiona mpaka pa boda.

NaBanda wa ku Chilenje:
Zikomo achimwene, zimenezo sindikanaziganiza. Nanga za mwanazi? Pamenepo ndi pamene pandivuta.

Amake Mapasa pa Kamwala:
Mabulangete okhuthalawo asiyeni asisi. Adya malo theka la sutikesi ndipo sakagwira ntchito.

Ambuya a ku Mtendere:
Ana anga, pepani ndilowererepo. Ine ndalera ana ndi adzukulu. Khanda si munthu wamkulu, thupi lake silinakhwime, mphepo imalowa msanga. Liwombo silikhala pamtunda. Ndiye mukuti agogo ake apite manjamanja, mwana azigona ndi kachitenje kokha? Kwathu ku Katete ngakhale mu Okutobala khanda timalifunditsa. Ndiponso mayi uja waluka zipewazo ndi manja ake, usiku akuwerenga masiku. Musamuchititse manyazi.

Anesi a ku Kabwata:
Ambuya, mwanena zoona kuti khanda limazizidwa msanga kuposa ife, ndipo masiku oyambirira timalimbikitsa chipewa ndi kuligoneka pachifuwa cha mayi ake. Koma khanda lomwelo limatenthedwanso msanga, chifukwa thupi lake silinadziwe kudziziziritsa bwino. Ku Katete usiku kumapola, nyumba imazizira. Kumene akupitaku chipinda chimakhala chofunda mpaka m'mawa. Mwana wokutidwa wulu ndi bulangete m'nyengo yotero amatuluka totupa tofiira m'khosi, m'khwapa, kumsana ndi m'mphechepeche, amalira, amalephera kuyamwa bwino. Choopsa kwambiri ndi kumufunditsa zolemera akagona, chifukwa kutenthedwa ndi kuphimbika kumaso zili m'gulu la zinthu zimene zimachititsa makanda kufera kutulo. Sindikunena izi kuti ndiopseze munthu, koma ndi nkhani imene imandikhudza kwambiri pantchito yanga.

Njira yodziwira ndi yapafupi. Musamugwire manja kapena mapazi, amenewo amazizira mwachibadwa. Lowetsani dzanja pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Mukapeza pakutentha ndi ponyowa, chotsani chovala chimodzi. Kavesiti ka thonje, thewera ndi kansalu kopyapyala n'zokwanira. Kachipewa kakhale ka thonje kopepuka potuluka panja, pogona m'nyumba kachoke.

Ambuya a ku Mtendere:
Za kufera kutulozo ndazimva mwana wanga, ndipo sindingatsutse anthu a chipatala. Koma liwombo likalowa mkati?

Anesi a ku Kabwata:
Liwombo likalowa mkati si mphepo ambuya, kawirikawiri ndi chizindikiro choti madzi achepa m'thupi, ndipo mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pamenepa mundithandize kuuza agogo anzanu: kukatentha chotero mtima umafuna kumumwetsa timadzi pasupuni. Ayi. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, koma pafupipafupi. Amene azimwa madzi ambiri ndi mayi woyamwitsayo.

NaBanda wa ku Chilenje:
Anesi zikomo, ndawawerengera amayi zonse. Akhala chete kanthawi, kenako afunsa kuti ndiye zolukazo azitaye? Zandimvetsa chisoni chifukwa anayamba kuluka mimba ili ndi miyezi isanu.

Ambuya a ku Mtendere:
Asataye. Auzeni anzangawo kuti atenge kachipewa kamodzi ndi timasokosi, akamuveke mdzukulu ndi manja awo, amujambule, mtima ukhale pansi. Mabulangete asungidwe kuno. Mwana ameneyo adzabwera kudzaonekera kwa abale, ndipo akadzabwera mu Juni kapena Julayi adzazifuna zofundazo. Wulu wotsala aluke zokulirapo, za mwana wa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ine ndi mmene ndingachitire.

Amake Mapasa pa Kamwala:
Apo ambuya mwaweruza bwino. Ndipo mphatso yoti agogo apereke isakuvuteni. Mukafika pitani ku Kariakoo mukagule kanga. Ndi nsalu ya thonje yopepuka kuposa chitenje chathu, imagulitsidwa ziwiriziwiri, ndipo amayi a kumeneko ndi imene amaberekera ana, kufunditsa ndi kuyala. Imauma msanga. Mukagulenso madera, madiresi aatali otaya aja. Dera limakuphimba mpaka kumapazi koma mphepo ikudutsa, ndipo ndi loyenera chifukwa kumeneko Asilamu ndi ambiri, munthu wovala zazifupi m'misika ndi m'makomo amayang'anidwa. N'chifukwa chake ndikuti musadzaze sutikesi kuno. Pitani nayo ili ndi malo.

Mlamu wanu wa ku Garden:
Za ufa palibe wayankha. Amayi adzadya nsima kumeneko?

Wophunzira ku Dar:
Adzadya alamu. Ugali ndi nsima yomweyo, kungoti amaphika yolimbirapo. Ufa uli m'sitolo iliyonse, woyera umatchedwa sembe, wamgaiwa ndi dona. Nyemba ziliko, tinsomba touma tofanana ndi kapenta tiliko, nsomba zaziwisi zimapezeka pamsika wa Kivukoni. Kunyamula ufa ulendo wa makilomita pafupifupi 2,000 n'kudzilemetsa chabe. Chimene ife a kuno timachilakalaka ndi mfutso wa chibwabwa ndi wa khwanya, umenewo bweretsani. Koma muwuumitsenso padzuwa musananyamuke, ndipo muwuike m'chigubu kapena m'botolo lotseka bwino, apo ayi chinyezi chikaulowa uchita chuku. Nsinjiro musasinjiretu zambiri, tengani mtedza wouma wosasinja, muzikasinja pang'onopang'ono. Chikanda chophika kale musayese, sichingapirire ulendo wotalika chotero.

Dalaivala wa ku Matero:
Powonjezera, zakudyazo zikhale zochepa, zooneka kuti n'zapakhomo. Thumba lalikulu la mbewu pa boda limabweretsa mafunso. Ndipo musakulunge katundu m'mapulasitiki a m'mashopu. Tanzania inaletsa matumba apulasitiki onyamulira zinthu kuyambira pa 1 Juni 2019, ndipo lamulolo limakhudzanso alendo. Timatumba totseka ndi zipi toikamo sopo ndi mankhwala timaloledwa. Nsapato ndi zovala zakuda muziika m'kathumba kansalu kapena m'chitenje.

Anesi a ku Kabwata:
Ndibwerere kwa amayi a BP, chifukwa asisi anati mtima wawo uli pamenepo. Apite kukiliniki kusanatsale sabata ziwiri kuti munyamuke, akayezedwe, akanene kumene akupita ndi kutalika kwa ulendo. Atenge mankhwala okwanira masiku onse ndi ena apadera, ali m'mapaketi ake olembedwa dzina la mankhwala, pamodzi ndi khadi lawo la kuchipatala. Zikhale m'chikwama cha m'manja, kutali ndi windo lowomba dzuwa. Mapilitsi akhale m'mapepala ake osatsegula, chifukwa ena akakhala pamtunda m'chinyezi amafewa. Mankhwala ena a BP ndi okodzetsa, tsono munthu akamatuluka thukuta lambiri akhoza kumva chizungulire poimirira. Asasiye kumwa paokha, koma adokotala awauziretu chochita. Adzuke pang'onopang'ono, amwe madzi asanamve ludzu.

Chinthu china chimene achikulire amachita paulendo ndi kudzimana madzi poopa kuvutitsa dalaivala. Chonde muwayang'anire. Basi ikaima atsike, ayendeyende, chifukwa kukhala nthawi yaitali kumatupitsa mapazi. Nsapato za paulendo zikhale zotaya.

Muikenso mapaketi a ORS, Panado, calamine wa totupa, ndi mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET. ORS ikatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Imeneyi ndi ya munthu wotsegula m'mimba kapena wofooka ndi thukuta, amayi a BP asaisandutse chakumwa cha tsiku lililonse. Mafuta a udzudzuwo ndi a inu akuluakulu, khanda losakwana miyezi iwiri musalipake, ilo ligone m'neti.

Mlamu wanu wa ku Garden:
Malungo si omwewa tili nawo kuno anesi? Anthu a ku Eastern tinakula nawo.

Anesi a ku Kabwata:
Tinakula nawo alamu, koma munthu akakhala zaka zambiri mu Lusaka muno, mmene malungo ndi ochepa, mphamvu imene thupi linali nayo yolimbana nawo imatsika. Ndiye akafunse kukiliniki ngati akufunika mankhwala oteteza. Komanso ku Dar kuli matenda ena a udzudzu, dengue, amene anavuta kwambiri mu 2014 ndi 2019. Udzudzu wake ndi wamawanga oyera, umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, ndiye neti yokha sikwanira. Munthu akatentha thupi kumeneko, mutu ndi mafupa zikuphwanya, amwe Panado yekha n'kupita kukayezetsa. Asamwe Brufen kapena Aspirin asanayezedwe, chifukwa ngati ili dengue amenewo amawonjezera vuto la kutaya magazi. Mukabwerera kuno wina n'kudwala m'masabata otsatira, muwauze a chipatala kumene munali.

NaBanda wa ku Chilenje:
Ndalemba zonse. Ndamufunsa mng'ono wanga, akuti neti ali nayo imodzi yokha ya iye ndi mwana. Ndigula ina kuno, n'zopepuka.

NaPhiri wa ku Chelstone:
Pali za ife azimayi zimene anthu sanena. Wigi ndi weave kumeneko ndi chilango, mutu umayabwa tsiku lachiwiri lomwe. Lukani mukule musananyamuke, mutenge duku lopepuka. Amene tili ndi thupi, ntchafu zimapekesana mpaka kusupuka ukayenda mtunda uli ndi thukuta, ndiye kabudula wa thonje wovalira mkati ndi kabotolo ka Vaseline musaiwale. Pansi pa mabere pazikhala pouma, muzipukuta bwino mukasamba. Mafuta odzola olemera aja amene timadalira mu Juni asiyeni, khungu kumeneko siliuma. Kathaulo kakang'ono kopukutira kumaso kakhale m'manja nthawi zonse.

Amake Mapasa pa Kamwala:
Eya, ndi nsapato. Mapatapata osambira, ndi masandasi olimba amene mwawayendera kale. Nsapato yatsopano pa phazi la thukuta ndi matuza okhaokha. Zachikopa zotseka zikakhala m'sutikesi masabata angapo zimamera chuku. Za kutchalitchi tengani chovala chimodzi chokha chabwino, suti ya chitenje yopanda layini.

Wophunzira ku Dar:
Ambulera yaing'ono yopinda ilowenso. Mu Febuluwale idzakuthandizani padzuwa, mvula sikhala yambiri. Koma ngati amayi adzatsalire kuthandiza mwana wawo mpaka Epulo, adziwe kuti mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo Epulo ndiye mwini wake. Mtsinje wa Msimbazi ukasefukira pa Jangwani msewu wa Morogoro umatsekeka, anthu amachedwa maola. Jekete lamvula lapulasitiki silithandiza, umanyowa ndi thukuta mkati. Madzi akumwa muzigula a m'botolo kapena muziwiritsa. Madafu, madzi a kokonati wamuwisi amene amadula pamaso panu, amagulitsidwa m'misewu ndipo amabwezera mphamvu.

Oyang'anira Gulu:
Abale, nkhani ikuyenda bwino. Amene mukutumiza zithunzi za katundu wogulitsa, chonde dikirani Loweruka monga mwa lamulo lathu. Wina anenepo za mapepala ndi ndalama.

Dalaivala wa ku Matero:
Pasipoti ya Zambia sifuna viza pokacheza ku Tanzania, koma muyang'ane kuti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe, yanu ndi ya amayi. Mukhale ndi mafotokope, ndipo muijambulenso pafoni. Ngati muli ndi khadi lachikasu la katemera litengeni, nthawi zina limafunsidwa. Mapepala onsewa alowe m'kathumba kotseka ndi zipi. Azimayi ambiri amasunga pasipoti ndi ndalama pachifuwa kapena m'kachikwama ka m'chiuno, ndipo ndi thukuta la kumeneko zimatuluka zonyowa, chidindo chitafufutika. Adiresi ndi nambala ya mng'ono wanu zilembedwe papepala, osadalira foni yokha.

Ndalama ya kumeneko ndi shilingi. Sinthani pang'ono pa boda zoti mudyere panjira, pamalo ovomerezeka, osati kwa anyamata okuzungulirani ndi mipukutu m'manja. Muwerenge musanachoke pawindo. Ndalama musaike malo amodzi, gawanani ndi amayi. Mukaoloka boda wotchi ipite patsogolo ndi ola limodzi, ambiri amasiyidwa ndi basi pa Tunduma chifukwa cha chimenechi.

Wophunzira ku Dar:
Chaja ya mapini atatu imene mumagwiritsa ntchito kwanuko imalowa bwinobwino kuno. Power bank ndiyofunika panjira. Simu khadi ya kuno amalembetsa ndi pasipoti kushopu ya kampani ya foni, ndipo mukakhala nayo zambiri mudzalipira ndi M-Pesa kapena Airtel Money osayenda ndi ndalama zambiri m'misika yothithikana.

NaBanda wa ku Chilenje:
Funso lomaliza abale. Ndi amayi achikulire chonchi, basi kapena sitima? Ndege ndaifunsa, thumba silikulola tonse awiri.

Amake Mapasa pa Kamwala:
Ine ndimakwera basi pa siteshoni ya Intercity chifukwa ndimathamangira katundu. Koma ndikanakhala ndi amayi anga ndikanaganizira sitima.

Dalaivala wa ku Matero:
Njanji ya TAZARA imayambira pa New Kapiri Mposhi, makilomita pafupifupi 200 kuchoka kuno, ndipo kuchoka pamenepo mpaka Dar ndi makilomita 1,860. Inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975. Ubwino wake kwa munthu wamkulu ndi woti m'zipinda zogona amatambasula miyendo, chimbudzi chili momwemo, akhoza kumwa madzi mosaopa. Ndi ulendo wa masiku awiri kapena kupitirira, ndiye madzi, chakudya chouma ndi mankhwala zikhale zoposa zimene mwawerengera. Muyambe mwafunsa ku ofesi yawo masiku amene ikuyenda ndiponso ngati mudzasinthe sitima pa boda, musanakonze tsiku. Mukasankha basi, ine ndikupemphani kuti muudule ulendowo pawiri. Gonani ku Nakonde, Tunduma kapena Mbeya, amayi asambe, agone pabedi, mapazi aphwe, mawa lake mupitirize.

Wophunzira ku Dar:
Mukabwera pa basi, dziwani kuti mabasi akutali masiku ano amathera pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, kunja kwa tawuni, osatinso pa Ubungo. Sitima imathera pa siteshoni ya TAZARA, msewu wa Nyerere wopita kubwalo la ndege. Konse kuwiri alamu anu abwere okha kudzakutengani, musayambe kulimbana ndi daladala, maminibasi a m'tawuni, muli ndi masutikesi ndi munthu wamkulu wotopa. Pa basi muwaimbire mukafika pa Chalinze, ndipo muwauze abwere ndi madzi ozizira a amayi.

NaBanda wa ku Chilenje:
Ndiwauza usiku uno. Anesi, mawa m'mawa tipita kukiliniki. Ndingakutumizireni kumbali mayina a mankhwala amene amamwa kuti mundiuze zoti ndikafunse adokotala?

Anesi a ku Kabwata:
Tumizani asisi, mujambule mapaketiwo mbali imene yalembedwa dzina ndi mlingo. Mutengenso kabuku kawo ka BP popita mawa.